Kalata kwa mphwanga: bwalo la pa Boma lisamangidwire Loweruka lokha

Mchinji Boma

Wokondedwa mphwanga Naphiri,

Mayi ako atanganidwa ndi kukumba mtedza, ndipo agogo ako akuti ndikupatse moni. Zojambula zako zija unatumiza pa WhatsApp ndinazilandira, ndipo ndinakazisindikiza kuti ndizione bwino papepala. Wajambula bwalo la zamasewero la pa Boma pano monga momwe ukulilakalakira: mpanda wa njerwa, masitandi a denga mbali ziwiri, magetsi ataliatali, nsanja ya oimba ndi malo oimikapo magalimoto. Wandifunsa maganizo anga. Ndasankha kukuyankha poyera chifukwa bwalo ndi la anthu onse, ndipo zimene ndikuuze ndikufuna azimvenso makhansala, mafumu ndi achinyamata anzako.

Ndiyambe ndi kunena kuti wandinyaditsa. Anzako ambiri akamaliza maphunziro a zomangamanga ku MUBAS maso awo amakhala ku Lilongwe kapena ku Joni. Iwe, wopanda wokutuma kapena wokulipira, wakhala pansi n'kuganizira kwanu. Maloto akowo si achabe. Kale mpira wa ligi yaikulu unali makamaka wa m'mizinda, koma lero Karonga, Rumphi, Dedza ndi Mulanje ali ndi mabwalo omwe alandirapo matimu akuluakulu, ndipo m'boma lathu lomweli anthu aonerapo mpira wotere pa bwalo la Aubrey Dimba. Boma la anthu oposa 600,000, monga anatiwerengera mu 2018, liyenera kukhala ndi malo abwino osonkhanirapo pa likulu lake.

Komabe pali chinthu chimodzi chomwe chandikhalitsa pansi kuti ndilembe kalata yaitali chonchi. Pa zojambula zako zonse ndikuonapo tsiku limodzi lokha: Loweruka masana, masitandi atadzaza, mbendera zikuuluka. Lachiwiri m'mawa sindikuliona. Lachinayi madzulo sindikuliona. Chonsecho masiku amenewa ndiwo amapha bwalo kapena kulisunga lamoyo.

Tiye tiwerengere limodzi. Ligi yaikulu ya mpira wamiyendo m'dziko muno ili ndi matimu 16. Timu iliyonse imasewera masewero 30 pa chaka, 15 pakwawo ndi 15 koyenda. Ndiye kuti ngakhale titakhala ndi timu yokhazikika mu ligi imeneyi n'kumasewerera pa Boma pano, bwalo lingadzaze masiku 15, mwina 20 tikaphatikiza zikho. Chaka chili ndi masiku 365. Masiku otsalawo kapinga amafunabe madzi, mlonda amafunabe malipiro, zimbudzi zimafunabe wozitsuka, ndipo bilu ya magetsi imabwera ndithu mwezi ukatha. Adzalipira ndani? Yankho la funso limeneli liyenera kulembedwa papepala lomwelo lomwe wajambulapo masitandi, chifukwa likasowa pamenepo silidzapezekanso kwina.

Umboni wake uli pafupi ndi iwe ku Blantyre komweko. Ukatuluka pageti la sukulu unaphunzira ija, bwalo la Kamuzu lili pomwepo ku Chichiri. Linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya atsamunda, ndipo linkatchedwa Rangeley, dzina la mzungu wina wogwira ntchito m'boma la nthawiyo. Pamenepo ndi pomwe mbendera ya Britain inatsitsidwa, yathu n'kukwezedwa, usiku wolowera pa 6 Julayi 1964, pamaso pa Prince Philip ndi Dr Kamuzu Banda. Bwalo limeneli lanyamula zambiri: magule a amayi a mbumba, zionetsero za Youth Week, mapemphero, kulumbiritsa atsogoleri, komanso mpira wa m'badwo wa a Kinnah Phiri, womwe unatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979. Ntchito zambiri linali nazo kuyambira kale. Chomwe linasowa ndi chisamaliro cha chaka ndi chaka. Konkire inang'aluka, masitandi ena anatsekedwa poopa ngozi, chiwerengero cha anthu ololedwa kulowa chinatsitsidwa, ndipo lero Flames siseweranso masewero ake a mpikisano pamenepo. Dzina lokha ndi lomwe tinkalisamala: linakhalapo Central, linakhala Kamuzu, linakhala Chichiri nthawi ya a Bakili Muluzi, n'kubwereranso pa Kamuzu mu 2004. Nthawi yonseyi ming'alu inkangokula.

Mwina unena kuti limenelo ndi lakale, linayenera kutopa. Tiye ku Area 48 ku Lilongwe. Bwalo la Bingu linamangidwa ndi ngongole yochokera ku China ya madola a ku America pafupifupi 70 miliyoni, limalowa anthu oposa 40,000, ndipo linatsegulidwa mu Januwale 2017. Patangotha zaka zinayi, mu 2021, bungwe la CAF linaliletsa kuchititsa masewero a mayiko chifukwa kapinga ndi zinthu zina sizinafike pa muyezo. Flames inakasewerera masewero ake a pakhomo opitira ku World Cup pa Orlando Stadium ku Johannesburg. Taganiza: ngongole tikubweza, bwalo lili chiimire ku Lilongwe, koma tikulipiranso ndege, malo ogona ndi bwalo la eni, ochemerera athu n'kumangomvera pa wailesi. Litakonzedwa, zinthu zinatembenuka. Mu Juni 2022 dziko la Ethiopia, posowa bwalo lovomerezeka kwawo, linabwereka lathu n'kugonjetserapo Egypt 2-0. Nyumba yake ndi yomweyo, konkire yake ndi yomweyo. Chinasintha ndi chakuti panapezeka anthu othirira, otchetcha ndi okonza zomwe zinaonongeka.

Bwalo la Bingu latiphunzitsanso kuti malo otere amafunika pa zinthu zomwe womanga sanaziganizire. Mu 2021, matenda a Covid-19 atavuta, mbali ina inasanduka chipatala. Mu Juni 2024 mtundu wonse unasonkhana pomwepo kutsanzikana ndi malemu Dr Saulos Chilima. Choncho pojambula zipinda zapansi pa masitandi, uzikumbukira kuti tsiku lina mudzagona odwala, kapena mabanja omwe nyumba zawo zagwa ndi mvula. Mpweya uzilowa, madzi akhale pafupi, makomo akhale otakata kuti machira adutse.

Tsopano ndifike pomwe mtima wanga umawawa kwambiri. Pa 6 Julayi 2017, miyezi yochepa chitsegulireni bwalo la Bingu, anthu 8 anafa popondana pachipata, ndipo 7 mwa iwo anali ana. Anapita kukasangalala pa tsiku la ufulu ndi kukaonera Nyasa Big Bullets ikusewera ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsegulidwa, khamu linachuluka panja, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo ang'onoang'ono ndiwo anagwa pansi. Zoterezi zachitikanso kwina. Ku Accra, pa 9 Meyi 2001, anthu 126 anafa pa masewero a Hearts of Oak ndi Asante Kotoko, utsi womwewo utaponyedwa potulukira pali potseka. Kwa anansi athu ku Zambia, anthu 12 anafa pa Konkola Stadium ku Chililabombwe mu 2007 potuluka mpira utatha. Ukafatsa nazo nkhani zonsezi upeza kuti imfa inali pachipata.

Pa pulani yako ndaona chipata chachikulu chimodzi chokongola, choyang'ana kumsewu, ndi tiwiri tating'ono kumbuyo. Mphwanga, bwerera pamenepo. Zipata zikhale mbali zonse zinayi, zotakata, zotsegukira kunja. Ogulitsa matikiti akhale patali ndi polowera kuti mzere wa ogula usasakanikirane ndi wa olowa. Pakhale njira ya ambulansi yomwe palibe galimoto ya bwana aliyense ingaimepo. Chiwerengero cha anthu oyenera kulowa chilembedwe pakhoma ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo chikakwana, chakwana. Zochitika zolowa ulere ndizo zimasonkhanitsa ana ambiri, choncho nazonso zizikhala ndi matikiti ogawidwa tsiku lisanafike, zipata n'kutsegulidwa m'mamawa. Walira mvula walira matope: tikufuna khamu pa Boma pano, tiyeneranso kukonzekera kulemera kwa khamu. Denga la masitandi likhoza kudikira chaka china, koma zipata zisadikire.

Ndikudziwa kuti pojambula unkayang'ana zomwe anzathu achita kunja, ndipo nkoyenera kutero. Ku Kigali anatenga bwalo lakale la Amahoro n'kulimanganso kuti lizilowa anthu 45,000, ndipo linatsegulidwanso mu Julayi 2024. Pambali pake pali BK Arena, holo ya mipando 10,000 yomwe inatsegulidwa mu 2019. M'menemo mumachitika basketball, zoimbaimba ndi misonkhano, ndipo mpikisano woyamba wa Basketball Africa League unachitikira momwemo mu 2021. Nzeru yomwe ndikuitolapo ndi yakuti sanaunjike zonse pakapinga. Anaika malo osiyanasiyana moyandikana kuti pena pakapuma, pena pazigwira ntchito. Ku London, bwalo la Tottenham lomwe linatsegulidwa mu 2019 lili ndi kapinga wokhoza kukankhidwira pansi pa masitandi kukakhala zoimbaimba kapena mpira wa ku America. Ife ndalama za makina oterowo tilibe, koma vuto lomwe ankathana nalo ndi lathu lomwe: anthu zikwizikwi akavina usiku wonse pakapinga, Loweruka lotsatira osewera amapeza fumbi ndi maenje.

Ndiye nsanja ya oimba ichoke pakati pomwe waiika. Ipite kumapeto, kuseri kwa golo, yoyang'ana malo akeake a konkire kapena a dothi lotsendereza. Malo omwewo masana akhale makhothi a ntchemberembaye, volleyball ndi basketball. Kukakhala oimba, msonkhano wachitsitsimutso kapena wandale, anthu aziima pamenepo, kapinga azipuma. Uganizirenso anthu okhala pafupi. Ku Madrid, timu yolemera ngati Real Madrid inakonzanso bwalo lake la Santiago Bernabéu ndi ndalama zankhaninkhani kuti lizichititsa zoimbaimba, koma mu Seputembala 2024 inakakamizika kuimitsa zoimbazo chifukwa oyandikana nalo anadandaula ndi phokoso. Ngati zinawachitikira amenewo, ife tisadzinamize. Uyende wapansi kuzungulira malowo, uone komwe kuli nyumba, sukulu, matchalitchi, mizikiti ndi komwe kumagona odwala. Zokuzira mawu ziloze kutali ndi kumeneko, ndipo ola lothera phokoso ligwirizanidwe ndi eni dera njerwa yoyamba isanaikidwe.

Usanajambulenso china chilichonse, ndikupempha ubwere udzakhale pamalopo kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu, kope lili m'manja. Udzaona kuti anthu analigawana kale bwalolo popanda wowalembera. M'mamawa kumabwera othamanga ndi ochita majowajowa. Ana akaweruka kusukulu amadzaza ponseponse ndi mpira wachikulunga. Madzulo matimu a m'madera amachita zokonzekera, atsikana ali pakona ndi mpira wawo wamanja. Ena amaphunzirirapo kupalasa njinga. Kukakhala bonanza, amayi a mandasi ndi zitumbuwa, anyamata a chiwaya ndi kanyenya, ogulitsa mizimbe ndi a kabaza onse amapeza ya ndiwo. Anthu amenewa ndiwo eni bwalo enieni. Ndaonapo m'madera ena mpanda ukangomangidwa, oyamba kuthamangitsidwa amakhala iwowa. Mlonda amapatsidwa kiyi, ana amakasewerera mumsewu, ndipo mkati mumamera udzu wofika m'chiuno kudikira alendo a Loweruka. Chitukuko chotere chimalanda anthu chomwe anali nacho kale. Pa pulani yako yachiwiri ndikufuna ndidzathe kuloza ndi chala pomwe aliyense wa anthu amenewa adzakhale.

Nanga ndalama za masiku 345 otsala aja zichokera kuti? Apa Mchinji ili ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe. Tili pa msewu wa M12, makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe. Chipata cha Mwami chili pakhomo, ndipo kuyambira mu Disembala 2022 Malawi ndi Zambia amagwirira ntchito pamalo amodzi, wapaulendo saimanso kawiri. Njanji yopita ku Chipata inatsegulidwa mu 2010. Anthu a tsidya linalo ndi abale athu, timamvana chilankhulo, timakwatirana, timaikana maliro. Nawonso ali ndi bwalo lawo la David Kaunda ku Chipata. Chingaletse n'chiyani kuti chaka chilichonse matimu a sukulu, a amayi ndi a m'madera a mbali ziwirizi azikumana, chaka chino kuno, chaka chamawa uko? Oimba a ku Zambia amakondedwa kuno, athu amakondedwa uko. Woimba wochokera ku Lusaka kupita ku Lilongwe amadutsa pakhomo pathu penipeni, ndipo angaime usiku umodzi atapeza malo abwino, otetezeka, a magetsi odalirika.

Chuma chathu chenicheni ndi ulimi: mtedza, soya, chimanga ndi fodya. Alimi a ku Mkanda, Kapiri, Kamwendo ndi Waliranji amagulitsa mbewu zawo kwa mavenda a masikelo okayikitsa chifukwa chosowa malo amodzi pomwe ogula ambiri angapikisane poyera. Bwalo lokhala ndi mpanda, mthunzi, madzi ndi zimbudzi likhoza kuchititsa msika wa zokolola mlungu uliwonse nyengo yogulitsa, komanso chionetsero cha zaulimi pomwe alangizi, makopaletivi ndi ogulitsa mbewu angakumane ndi alimi. Zipinda zapansi pa masitandi zisakhale zongosungiramo mipando yothyoka. Zina ziyang'ane kunja, kumsewu, zikhale mashopu a lendi: telala, ometa, okonza mafoni, malo odyera, ogulitsa mabuku. Lendi ya mwezi ndi mwezi ndi yomwe ingalipire mlonda ndi wotchetcha ngakhale mwezi womwe kulibe mpira. Pakhalenso holo imodzi yapakatikati yochitiramo maukwati, zinkhoswe, maphunziro a mabungwe ndi zisudzo. Mashopu oyang'ana kunja ali ndi phindu linanso: pamalo pomwe pali anthu tsiku lonse, akuba mawaya ndi mipope amachita mantha.

Za magule ndikuuze mosamala. Kuno ndi kwa Achewa, Angoni ndi Asenga. Mu Ogasiti anthu ambirimbiri amadutsa pano kupita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Mu Febuluwale ena amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni, kwa Inkosi ya Makosi Mpezeni. Bwalo lathu likhoza kukhala popumira ndi posonkhanira anthu amenewa, komanso pochitira mipikisano ya ingoma, chimtali ndi makwaya. Koma Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a padziko, ali ndi malamulo ake ndi eni ake. Sangalembedwe pa ndandanda ya zochitika ngati woimba wolipidwa. Upite kwa mafumu, kwa a Zulu, a Mlonyeni, a Mkanda, a Mavwere ndi ena, ukafunse mwaulemu chomwe chingaonetsedwe pabwalo la aliyense ndi chomwe chiyenera kutsala kumudzi. Akakuuza kuti pakufunika polowera padera pomwe anthu sangaone, ujambule momwemo osafunsa zambiri.

Pali china chomwe ndadabwa kuti iwe, mwana wamkazi amene unasewera ntchemberembaye kuyambira ku pulayimale, wachiiwala. Zipinda zosinthiramo zovala wajambula ziwiri, za matimu awiri a amuna. Atsikana adzasinthira kuti? Ukukumbuka momwe inu munkatchingirana ndi zitenje kuseri kwa kalasi. Dziko lino latchuka kunja chifukwa cha ana aakazi kuposa momwe lawasamalira. Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye mu 2015. Ma Queens anagonjetsa New Zealand 57-53 pa masewero a Commonwealth mu 2018, chonsecho holo yoyenera ntchemberembaye, ya Griffin Saenda ku Lilongwe, inadzabwera mu 2022. Ku mpira wamiyendo, ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Temwa Chawinga wa ku Rumphi anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera wapamwamba wa chakacho, ndipo timu yake ya Kansas City Current imasewera pa bwalo la mipando 11,500 lomwe linamangidwira timu ya amayi. Mkulu wake Tabitha wagoletsa ku Italy ndi ku France. Atsikana aluso lotere aliponso ku Ludzi, ku Kochilira ndi ku Tembwe. Ambiri amasiya masewero akangotha msinkhu, chifukwa pabwalo palibe chimbudzi chotseka, palibe madzi, ndipo njira yobwerera kunyumba ndi yamdima.

Choncho jambula zipinda zinayi zosinthiramo. Zimbudzi za amayi zichuluke kuposa za abambo, zikhale ndi zitseko zokhoma, madzi ndi potayira zofunika kutaya. Magetsi a sola aunikire makhothi ndi njira zotulukira, asaunikire kapinga yekha. Anthu oyenda pa njinga za aulumali akhale ndi polowera popanda masitepe ndi malo awo pomwe angaone bwino, pamthunzi. Zinthu zimenezi sizioneka pa chithunzi chomwe nduna imadula riboni, koma ndi zomwe zimachititsa kuti mayi alole mwana wake wamkazi kupita kubwalo Lachitatu madzulo.

Za madzi ndi kapinga uzilingalire mofatsa. Kuno mvula imasiya mu Epulo n'kudzabweranso mu Novembala kapena Disembala, ndipo ligi imaseweredwa nthawi yachilimwe yomweyo. Kapinga wachilengedwe wothiriridwa ndi madzi a bilu adzauma chaka choyamba. Pafunika mjigo wakewake, pampu ya sola ndi thanki, komanso ngalande zokolola madzi a padenga la masitandi. Kapinga wochita kupanga, ngati yemwe anaikidwa pa bwalo la Kamuzu ndi thandizo la FIFA, safuna kuthirira tsiku ndi tsiku ndipo amapirira mapazi ambiri, koma amatha pakapita zaka, ndipo kumusintha ndi ndalama zambiri zofunika nthawi imodzi. Chilichonse chomwe usankhe, ulembe pambali pake mtengo wochisamalira pa chaka ndi komwe ndalamayo idzachokere. Amene adzalandire pulani yako aone manambala awiri: wa kumanga ndi wa kusunga.

Umange pang'onopang'ono, gawo lililonse lizitha n'kuyamba kugwira ntchito lisanayambe linzake. Taona mabwalo a Bullets ndi Wanderers omwe analonjezedwa ku Blantyre mu 2019, ntchito n'kuyamba, kenako n'kuima kwa zaka. Choipa kwambiri pa bwalo losatha n'chakuti kontirakitala amakumba, amatchinga ndi malata, ndalama zimatha, ndipo anthu amataya ngakhale fumbi lomwe ankasewerapo. Ine ndikanayamba ndi madzi, zimbudzi ndi kusalaza bwalo. Kenako makhothi ndi magetsi. Kenako mpanda wokhala ndi mashopu ndi zipata zake zonse. Masitandi a denga abwere pomaliza, pomwe lendi yayamba kale kulowa. Ndipo nthawi yonse ya ntchito, ana asonyezedwe malo ena osewererapo.

Chotsiriza ndi kiyi ndi thumba la ndalama. Bwalo likhoza kukhala la khonsolo, koma ndalama zake zikalowa m'thumba limodzi ndi za misika ndi madepoti, sizidzabwereranso kudzagula feteleza wa kapinga. Pakhale akaunti yakeyake, ndi komiti yomwe muli a khonsolo, a zamasewero, aphunzitsi, mafumu, amayi ochita malonda ndi achinyamata. Miyezi itatu iliyonse zolowa ndi zotuluka zizimatidwa pachipata kuti aliyense awerenge. Matikiti azigulidwa pa Airtel Money ndi Mpamba, chifukwa ndalama zodutsa m'manja pachipata tonse tikudziwa momwe zimacheperachepera. Wandale wofuna kuchititsa msonkhano azilipira ngati wina aliyense, wa chipani cholamula ndi wotsutsa mtengo umodzi, ndipo aziyamba wasiya chikole cha zomwe zingaonongeke. Pamwamba pa zonsezi palembedwe lamulo losasinthika, lakuti maola akutiakuti tsiku lililonse ana ndi matimu a sukulu azilowa ulere. Mwana amene wakulira m'bwalo sadzabwera usiku kudzazula mipope yake.

Usaone ngati ndikukugwetsa ulesi, mphwanga. Ndalemba zonsezi chifukwa ndikukhulupirira kuti tsiku lina pepala lako lidzafika pa tebulo la anthu otha kuvomereza, ndipo ndikufuna lidzafike litayankha kale mafunso omwe mabwalo athu akuluakulu anayankha mochedwa, ena mpaka titataya ana. Sukulu yakupatsa luso la kuyeza ndi kuwerengera kulemera kwa konkire, lomwe ine ndilibe. Zomwe ndakuuzazi udzazimva bwino kuchokera kwa eni ake.

Ukapeza tchuthi ubwere. Ndidzakuperekeza kwa aphunzitsi a zamasewero a sukulu zozungulira, kwa amayi ogulitsa pabwalo, kwa atsikana a timu ya ntchemberembaye ndi kwa mafumu. Udzatenge mapepala osalembapo ambiri, ndipo zojambula zakalezi udzazionetse pomaliza, anthu atayamba alankhula. Ukatero udzajambule kachiwiri, kenako tidzapite limodzi kukapempha nthawi yolankhula pa msonkhano wa khonsolo. Undidziwitse tsiku lomwe unyamuke kuti mayi ako akonzekere.

Ndine malume ako okukonda.